KODI LAMULO LITIMANGA NDI CIANI?

Mau onenedwa pa msonkhano wathu ku Marka

Ndapemphedwa kunena za lamulo, ndipo funso langa ndi limodzi lokha. Pamene tinena kuti munthu ayenera kumvera lamulo, kodi comumanga nciani? Ndi mantha a ndende okha, kapena pali kanthu kena?

Ife a kuno tiyenera kulingalira funso ili koposa ena, popeza tikhala pamalire. Malire awa anapangana Angerezi ndi Apwitikizi m'caka ca 1891, osafunsa Amang'anja kapena Asena. Munthu akayenda pang'ono nafika ku Vila Nova da Fronteira, dothi ndi lomweli, abale ndi omwewo, koma lamulo ndi lina. Potero tiona kuti lamulo silimera m'nthaka monga mlambe. Alipanga ndi anthu. Nanga cinthu copangidwa ndi anthu anzathu citimanga bwanji?

Mzungu wina wa ku London, dzina lace John Austin, anayankha m'buku lace la 1832 kuti lamulo ndilo mau a wolamulira wamkuru amene anthu anazolowera kumumvera, ndipo kumbuyo kwa mauwo kuli cilango. Yankho ili limveka bwino kwa munthu ali yense amene anaonapo mesenjala akusonkhetsa msonkho. Koma m'caka ca 1961 mphunzitsi wa ku Oxford, H. L. A. Hart, analitsutsa ndi fanizo la wacifwamba. Munthu wa mfuti akakuimitsani panjira nati mumpatse ndalama, mudzampatsa ndithu. Koma palibe anganene kuti munali ndi mangawa kwa iye. Mwakakamizidwa, simunakongole. Cinenero cathu cisiyanitsa bwino zinthu ziwirizi, ndipo ndiganiza kuti makolo athu sanadikire Oxford kuti azidziwe.

Taonani za pabwalo. Mbuzi ya munthu ikadya mapira a mnansi wace, nyakwawa iweruza, ndipo mwini mbuzi alipira. Palibe msilikari pamenepo. Angathe kudandaula kuti dipo lacuruka, koma sakana kuti mlandu ulipo. Ndipo mawa, mbuzi ya wina ikalowa m'munda mwace, iye yemweyo adzaimirira pa mwambo womwewo. Mwambowo ndiwo muyeso umene adziyesa nao yekha, nayesa nao anzace. Ici ndico cimene wacifwamba alibe.

Tsono ndinene za mitumbira, pakuti nkhani imeneyi ndi yathu ya m'cigwa muno. Boma la Atsamunda linaika lamulo la kusunga nthaka m'caka ca 1946, ndipo itapita njala ya 1949, m'masiku a Bwanamkubwa Geoffrey Colby, linayamba kuumiriza anthu kolimba kuti aziunda mizere m'minda. Okana analipitsidwa, ena anamangidwa, ena mbeu zao zinazulidwa. Lamulolo linali lolembedwa bwino lomwe, losindikizidwa, ndi cilango cace. Monga mwa ciphunzitso ca Austin silinasowe kanthu. Koma anthu a kuno anati dziko lathu ndi lacidikha ndi lotentha, madzi sathamanga monga kumapiri, ndipo mizere ingoumitsa nthaka ndi kucurukitsa nchito. Anakana kufikira zinthuzo zinachedwa nkhondo ya mitumbira. Amene anaunda anaunda poona kapitao wa malimidwe. Atapita iye, khasu linabwerera ku malimidwe akale. Munthu wogwidwa sanacite manyazi pamaso pa anzace, ndipo ici ndico cizindikiro cacikuru, pakuti wakuba mbuzi acita manyazi angakhale sanagwidwe. Kuumirizako kunatha pamene a Malawi Congress Party analowa m'boma m'caka ca 1961. Codabwitsa ncakuti kumtunda, kumene mizere ithandizadi, anthu aunda kufikira lero popanda mesenjala.

Koma pano ndicenjeze anyamata, amene ndiona alikugwedeza mitu mokondwa. Sindinena kuti lamulo limene simulikonda silikumangani. Cikadakhala cotero, wakuba ali yense akadadzimasula yekha, ndipo msonkho sukadaperekedwa ndi munthu. Si lamulo liri lonse palokha limene tilibvomera, iai. Tibvomera njira yopangira malamulo ndi yoweruzira mirandu, pakuti popanda iyo wamphamvu adzadya wofoka. Ndipo m'njira imeneyo mudzaturuka malamulo ena otiwawa, amene tiwasunga pamene tilikuyesa kuwasintha. Cobvuta ca mitumbira cinali pawiri: lamulo silinayenere nthaka yathu, ndiponso eni minda analibe mau kumene linapangidwa.

Hart ananenanso kuti maziko a malamulo a dziko ali pa anchito a boma eni ace, oweruza ndi ena, akamabvomera pamodzi muyeso umodzi wozindikirira cimene ciri lamulo. Ife tinaona ici ndi maso. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza cisankho ca pulezidenti ca 2019. Iwo analibe gulu la nkhondo. Inde, ndi asilikari a boma lomwelo amene anawaperekeza kubwalo. Amene anali pampando anadandaula ku bwalo lalikuru, nalephera, ndipo cisankho cinacitikanso pa 23 June. Ngati lamulo liri mau a wolamulira basi, ndani analamulira wolamulirayo? Anamangidwa ndi malamulo akuru a dziko a 1994, cifukwa oweruza, asilikari ndi anthu wamba anawayesa ao.

A Pampando, pali mfundo imodzi imene ndipempha kuti msonkhano uikambe ndisanakhale pansi. Pa nthawi ya mitumbira mafumu anaikidwa pakati: Boma linawapatsa mphamvu ya mabwalo ndi kuwauza kuti alange okana, pamene okanawo anali ana ao. Mfumu imene inalanga inasunga lamulo la Boma. Imene inatseka maso inasunga anthu ace. Alipo muno akulu amene anamva nkhani izi kwa atate ao, ndipo ndikadakonda iwo ayambe kutiuza kuti mwa awiriwa ndi uti anacita coyenera mfumu.