Ndege ya asilikali idatumikira zaka 36 nkukagwa ku Chikangaŵa

Atsogoleri a nthambi za chipani m'maboma a Machinga ndi Balaka, ndiponso onse ogwira ntchito za Boma:

Mkokomo wa ndege za mtundu wa Dornier si wachilendo kwa anthu a maboma aŵiri ano, pakuti kwawo kwa ndege za asilikali a dziko lino ndi ku Zomba, pafupi pomwepa. Gulu la asilikali oyendetsa ndege lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1976 ndi chithandizo cha dziko la Germany. Ndege zoyamba zidali Dornier 27, ya injini imodzi, ndi Dornier 28, ya injini ziŵiri. Pambuyo pake kudabwera Dornier 228, yonyamula anthu okwana 19, yomwe imatha kutera ngakhale pa bwalo lalifupi. Imodzi mwa izo, ya nambala MAF-T03, idayamba ntchito yake kuno m'chaka cha 1988, ndipo idanyamula asilikali, katundu ndi akuluakulu a Boma kwa zaka 36.

Pa 10 June 2024, 9 koloko m'maŵa itangopitirira, ndegeyi idanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kulunjika ku Mzuzu. Idanyamula Wachiŵiri kwa Mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, a Saulos Chilima, amene ankapita kumaliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Kumpoto kudacha ndi chifunga ndi mvula yowaza. Ndege siidafike. Idapezeka tsiku lotsatira itaphwanyika pa phiri m'nkhalango ya Chikangaŵa, anthu onse asanu ndi anayi atamwalira.

Chisoni chimenechi chidafika pakhomo penipeni pa anthu a kuno. Mmodzi mwa omwalirawo adali mai Shanil Dzimbiri, amene adakhalapo mkazi wa Mtsogoleri wakale a Bakili Muluzi a ku Machinga, ndiponso phungu wa kumadzulo kwa Balaka kuyambira 2014 mpaka 2019. Adaikidwa m'manda kwawo ku Balaka.

Zokamba zidachuluka m'misika ndi m'maminibasi, monga zimakhalira mtengo waukulu ukagwa. Koma mtsogoleri wa nthambi ayenera kudziŵa zimene ofufuza adapeza, osati zam'maluŵa. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza milandu a Jabbar Alide lidapereka lipoti lake mu December 2024, ndipo akatswiri a ngozi za ndege ochokera ku Germany adamaliza lawo m'chaka cha 2025. Onse adaloza ku nyengo yoipa ndi ku chiganizo cha oyendetsa chopitiriza ulendo akuuluka m'munsi, pakati pa mapiri obisika m'mitambo.

Pali china m'malipotimo chimene wogwira ntchito za Boma aliyense ayenera kuchimva ndi makutu onse aŵiri. Ndegeyi idali ndi kachipangizo kamene kamalira pa wailesi ngozi ikachitika, kuti ofunafuna adziŵe kolunjika. Batire la kachipangizoko lidatha nthaŵi yake m'chaka cha 2004. Zaka makumi aŵiri zidadutsa ndege ikuuluka, ikukonzedwa, ikusainidwa m'mabuku, batire lomwelo lili momwemo. Zoona, batire si limene lidagwetsa ndege, ndipo silikadapulumutsa moyo wa munthu, pakuti onse adafera pomwepo. Koma kachipangizoko kadakhala chete pa tsiku lokhalo limene kadafunika, ndipo asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi adafunafuna m'nkhalango yozizira, mabanja akudikira uthenga usiku wonse.

Ndegeyi idalibenso makina osunga mawu a oyendetsa ndi mbiri ya kaulukidwe kake. Njira imene idadzera kuchokera ku Lilongwe mpaka pa phiri lija, akatswiri a ku Germany adaitola m'kachipangizo ka GPS kam'manja kamene adakapeza m'zidutswa za ndegeyo.