Cloudina, kamodzi mwa tinyama toyamba kudzimangira chigoba cha laimu

Lero m'nkhani zathu za chilengedwe tili kum'mwera kwa dziko la Namibia, dera louma la miyala yokhayokha, komwe zaka 550 miliyoni zapitazo kunali nyanja yosaya. M'miyala ya kumeneko, katswiri wina dzina lake Gerard Germs anapeza timapaipi ting'onoting'ono ta laimu, ndipo mu 1972 anatipatsa dzina lakuti Cloudina polemekeza wasayansi wa ku America, Preston Cloud.

Mukakayang'anitsitsa kamodzi, kamaoneka ngati timakapu topanda matako tolowetsana kena m'kamzake, n'kupanga kampope kokhotakhota. Kukula kwake m'mimba ndi mamilimita owerengeka, ndipo kutalika sikapitirira masentimita 15. Mwini nyumbayo anali kanyama kofewa kokhala m'katimo, komwe kankati kakakula n'kuwonjezera kapu ina pamwamba. N'kosaoneka bwino, inde, koma ndi kamodzi mwa nyama zoyambirira pa dziko lapansi kutenga laimu m'madzi n'kudzimangira chigoba.

Ndiye bwanji nyama zinachedwa chotere? Moyo unali utakhalapo kale zaka zoposa 3 biliyoni, koma pafupifupi nthawi yonseyo unali wa tizilombo tosaoneka ndi maso ndiponso ndere. Mbali yaikulu ya yankho ili pa mpweya. Ndere zimakoka mpweya wa kaboni dayokisaidi n'kutulutsa okosijeni. Koma zikafa n'kuwola, kuwolako kumadya okosijeni yemwe uja n'kubweza kaboni kumene anachokera, ndiye palibe chotsala. Okosijeni amatsala pokhapokha ndere zakufazo zikakwiririka m'matope pansi pa nyanja zisanawole. Mumvetsetse pamenepa, omvera: mpweya womwe nyama imafuna kuti ikule, iyende ndi kusaka chakudya unachuluka chifukwa kaboni anakwiririka pansi. Kwa ine, m'nkhani yonse ya chiyambi cha nyama mulibe mfundo yoposa imeneyi.

Mwina mukufunsa kuti asayansi amadziwa bwanji za nthawi yomwe kunalibe munthu. Kaboni alipo wopepuka, wotchedwa kaboni 12, ndi wolemerako pang'ono, kaboni 13. Ndere zimakonda wopepukayo. Zikakwiririka zambiri, madzi a m'nyanja amatsala ndi wolemera wochulukirapo, ndipo miyala ya laimu yopangika m'madzi amenewo imasunga muyeso womwewo. Choncho katswiri amaboola mwala, kutenga kaufa kake n'kukayeza, kenako n'kukwera pang'ono kukaboola mwala wa pamwamba pake, mpaka atawerenga phiri lonse kuchokera pansi.

Zomwe miyalayi imaonetsa n'zakuti nyama zinabadwa pa nthawi ya chipwirikiti. Pakati pa zaka 717 ndi 635 miliyoni zapitazo, dziko linaundana kawiri, madzi oundana n'kufika ngakhale m'madera otentha. Mapiri ophulika sanaleke kulavula kaboni dayokisaidi, ndipo popeza mvula yomutsuka m'mlengalenga inali itachepa, anaunjikana mpaka dziko linatentha, madzi oundanawo n'kusungunuka. Kumpoto kwa Namibia, Paul Hoffman wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anafotokoza mu 1998 za miyala yosiyidwa ndi madzi oundana yomwe pamwamba pake penipeni pagona miyala yopangika m'nyanja yofunda.

Kenako, pafupifupi zaka 570 miliyoni zapitazo, muyeso wa kaboni 13 unatsika kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri ya dziko. Kutsika kumeneku amakutcha Shuram, dzina la miyala ya ku Oman komwe kumaoneka bwino. Ambiri amati kaboni wopepuka wochuluka, yemwe anasungika kwa nthawi yaitali, anakumana ndi okosijeni n'kubwerera m'madzi. Ena amati miyalayo inasinthika pambuyo pake. Mtsutso ulipobe. Koma m'nyengo yomweyo ndi pomwe zamoyo zikuluzikulu zofewa zikuyamba kuoneka, monga za ku Mistaken Point ku Canada, ndipo patapita zaka ngati 20 miliyoni, Cloudina uja watulukira.

Tinyamati tinafalikira ndithu. Tapezeka ku Brazil, ku Spain, ku Oman ndi ku China, ndipo ku Namibia tinkamera mothinana n'kumamatirana mpaka kupanga zitunda pansi pa nyanja. Mu 2020 asayansi analengeza kuti m'timipope ta achibale a Cloudina ku Nevada, ku America, apezamo chooneka ngati matumbo, zomwe zikuika kanyamaka kufupi ndi nyongolotsi.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi zigoba za ku China. Mu 1992 Stefan Bengtson ndi Yue Zhao anaona kuti zina zili ndi timabowo tozungulira bwino, tobooledwa kuchokera kunja. Iwo anati chilipo chomwe chinkaboola kuti chidye mwini wake m'katimo. Ngati zili choncho, ndiye kuti kudyana kwa nyama kunali kutayamba kale, ndipo chigoba sichinali chokongoletsa ayi. Komanso kumanga chigoba ndi kusaka mnzako zonse zimafuna mphamvu, ndipo mphamvu yotere m'thupi la nyama imabwera ndi okosijeni.

Mapeto a kanyamaka alembedwanso m'kaboni yemweyo. M'miyala ya ku Oman, pafupifupi zaka 540 miliyoni zapitazo, muyeso wa kaboni 13 unagwanso mwadzidzidzi, ndipo pamwamba pa mzere umenewo Cloudina sapezekanso. Pamenepo ndi pomwe ikuyambira nyengo ya Cambrian, yomwe m'zaka ngati 25 miliyoni zokha inadzaza nyanja ndi nyama za miyendo, za maso ndi za zigoba zamitundumitundu, kuphatikizapo makolo a nkhono, nkhanu ndi nsomba.