Mayeso a Pamsewu: Mau kwa Oyendetsa a ku Petauke ndi ku Nyimba

 Nkhani yathu ya lero ndi ya mayeso a pamsewu, amene munthu ayenera kupambana asanalandire layisensi yoyendetsera galimoto kapena njinga yamoto, ndiponso za malo kumene mayesowo amachitikira.

Inu akuluakulu mukukumbukira masiku aja pamene galimoto inali chinthu chosowa kwathu kuno. Kukamveka kulira kwa injini pamudzi, ana onse ankathamangira kumsewu, pakuti ankadziwa kuti akudutsa ndi abambo a ku mishoni, kapena a zaulimi, kapena basi ya UBZ yochokera ku Lusaka. Oyendetsa anali owerengeka, ndipo aliyense ankawadziwa ndi maina. Lero zinthu zidasintha. Mnyamata akagulitsa mtedza, thonje kapena mpendadzuwa wake, chinthu choyamba chimene amaganiza kugula ndicho njinga yamoto. Njinga zimenezi zatithandiza kwambiri, ndipo palibe angakane. Ndizo zimanyamula mayi wodwala usiku kupita naye ku chipatala cha Minga kapena cha Nyimba, ndizo zimafikitsa mphunzitsi ku sukulu ya kutali nthawi ya dzinja, ndiponso ndizo zikudyetsa mabanja ambiri a anyamata onyamula anthu. Komatu mwa oyendetsa onsewa, ambiri sadakhalepo pamaso pa woyesa ngakhale tsiku limodzi.

Mukamufunsa mmodzi wa iwo chifukwa chake, adzakuyankhani kuti, "Mayeso ndi a chiyani? Ine ndayendetsa zaka zitatu osagwapo." Yankho limeneli lili ndi choonadi chake, ndipo sitiyenera kulinyoza. Mnyamata amene amadutsa pamchenga wa m'dambo atanyamula matumba awiri a chimanga ndi munthu pamwamba pake ali ndi luso lenileni, luso limene anzathu ambiri a m'tauni alibe. Koma luso lakelo ndi lolamulira njinga. Mayeso amafunsanso chinthu china, ndicho kudziwa kuyenda pamodzi ndi anthu ena pamsewu umodzi, anthu amene simukuwadziwa, amene sangamve mau anu, amene mumalankhulana nawo ndi nyali, zizindikiro ndi malamulo okha basi.

Taganizani za msewu waukulu wa Great East Road, umene umachokera ku Lusaka, kuoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa pa Nyimba, kulambalala boma la Petauke, mpaka ku Chipata ndi ku malire a Mwami. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi yokha. Ndiye kuti pa kanthawi kamene dalaivala wa basi akuchotsa phazi pa mafuta kuti aponde mabuleki, basiyo yayenda kale mtunda woposa utali wa mabasi awiri. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri ayi, koma kanayi. Tsono munthu wozolowera tinjira ta m'midzi, kumene chothamanga kwambiri ndi ngolo ya ng'ombe, akatulukira pa tala amaona basi ili kutali naganiza kuti nthawi ilipo. Maso ake sadaphunzire kuyeza liwiro lotere. Zaka zitatu zija za m'dambo sizimuthandiza kanthu pamphambano imeneyo.

Nzeru ya kuyesa oyendetsa si ya lero. Mu mzinda wa Paris apolisi adayamba kufuna chiphaso kwa oyendetsa galimoto m'chaka cha 1893, ndipo ku Britain mayeso adakhala okakamiza m'chaka cha 1935, ataona kuti anthu akutha pamisewu. Kuno ku Zambia ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene tonse timangoti RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la nambala 11 la chaka cha 2002. Bungwe limeneli ndilo limayesa oyendetsa ndi kupereka malayisensi. Apolisi amagwira olakwa pamsewu, sukulu zoyendetsa zimaphunzitsa, koma woyesa ndi wa RTSA.

Njira yake ili motere. Poyamba mumapita kwa dokotala kuti akupimeni, makamaka maso, ndi kulemba pa pepala loyenera kuti thupi lanu lili bwino. Musaone ngati kupimaku ndi mwambo chabe. Alipo anthu ambiri amene adazindikira tsiku limenelo kuti diso lawo limodzi siliona patali, chonsecho akhala akuyendetsa usiku. Kenaka, mutatenga reji yanu, mumakayesedwa za malamulo ndi zizindikiro za m'buku la Highway Code. M'bukumo muli malamulo khumi oyambirira amene ophunzira amaloweza pamtima monga ana a katekisimu. Kuloweza n'kwabwino, koma ndaonapo anthu otha kutchula onse khumi mosapuma amene sadziwa kuti pa raundabauti ayenera kupatsa mpata galimoto yochokera kudzanja lamanja. Mukapambana apa mumalandira layisensi yophunzirira, imene imagwira ntchito miyezi yowerengeka yokha. Ndi imeneyi mungaphunzire pamsewu mutaika chilembo cha L, ndipo ngati ndi galimoto, pambali panu payenera kukhala munthu amene ali ndi layisensi yeniyeni. Pomaliza ndipo pamabwera mayeso a pamsewu.

Apa ndichenjezepo za magulu a malayisensi, pakuti ambiri amasokonezeka. Layisensi ya gulu B ndi ya galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo woitenga ayenera kukhala atakwanitsa zaka 18. Njinga yamoto ili ndi magulu akeake: A1 ndi ya njinga ya injini yosapitirira 125cc, ndipo A ndi ya njinga zazikulu kuposa pamenepo. Motero musanapite, yang'anani kukula kwa injini ya njinga yanu. Ndipo inu abambo amene muli ndi layisensi ya galimoto kuyambira kale, musaganize kuti imeneyo ikukulolani kukwera njinga yamoto. Ngolo ya mawilo anayi imadziimira yokha, ya mawilo awiri imaimitsidwa ndi wokwerapo.

Tsopano tifike pa funso limene limavuta anthu a kwathu kuno koposa onse: kodi mayesowo tikayesedwe kuti? Ofesi yaikulu ya RTSA m'chigawo cha Kum'mawa ili ku Chipata. Kuchokera ku Petauke ndi makilomita oposa 170, ndipo kuchokera ku Nyimba ndi oposa 230. Ena a ku Nyimba, poona kuti ali ndi abale ku Lusaka owapatsa pogona, amasankha kulowera kumadzulo, ulendo wa makilomita oposa 300 wodutsa m'mapiri a Manenekela, nakayesedwa ku Mimosa, pa msewu wa ku Kafue. Komanso bungweli nthawi ndi nthawi limatumiza oyesa ake m'maboma akutali, kuti agwire ntchito kumeneko masiku owerengeka. Umenewu ndiwo mwayi waukulu kwa munthu wa kumudzi, koma umadutsa msanga. Chifukwa chake muzifunsa ku khonsolo ya boma lanu, kwa apolisi a pamsewu, ndipo muzimvera zolengeza za pa wailesi, kuti mudziwe malo amene ali pafupi ndi inu ndiponso tsiku lake musanalipire basi. Safunsa adadya phula. Makalata anu akhale okonzeka kale, chifukwa oyesa akafika si nthawi yoyamba kufunafuna dokotala.

Layisensi ndi imodzi m'dziko lonse. Yotengedwa ku Chipata siichepa mphamvu poyerekeza ndi ya ku Lusaka, ndipo yotengedwa pabwalo la m'boma lanu kwa oyesa oyendayenda ili chimodzimodzi. Pali mphekesera zakuti kwakuti n'kosavuta, kwakuti oyesa ndi ankhanza, ndipo anthu amaononga ndalama kuthamangira kumene amva kuti n'kofewa. Ine ndikuti kusiyana kwenikweni kuli pa misewu ya malowo. Mukasankha Chipata, dziwani kuti mukakumana ndi njinga zakapalasa zosawerengeka, zina zitanyamula makala, zina anthu, zikutuluka uku ndi uku, ndiponso zitunda, pakuti mzindawo udazingidwa ndi mapiri. Mukasankha Lusaka, mukakumana ndi maloboti, maraundabauti, misewu ya mizere iwiri kapena itatu, ndi maminibasi oima paliponse. Munthu wophunzirira pabwalo la mpira ku Petauke asapite m'mawa wa tsiku la mayeso lomwelo. Afike masiku awiri kapena atatu zisanachitike, alipire mphunzitsi wa kumeneko maola owerengeka, ayende m'misewu imeneyo kufikira mtima utakhazikika. Ndalama ya maola amenewo ndi yochepa poyerekeza ndi ya ulendo wachiwiri.

Nanga woyesa amayang'ana chiyani? Kwa a galimoto, pali kubwerera chambuyo pakati pa zizindikiro zoimikidwa pabwalo popanda kugunda ngakhale chimodzi, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amathera. Pali kunyamuka pachitunda galimoto osabwerera m'mbuyo. Ine amene ndikulankhula nanu pano ndidalephera pomwepa ulendo wanga woyamba. Ndidatsitsa handibuleki ndisanamve kuti kilatchi yagwira, galimoto nkutsetsereka pang'ono, ine nkuchita mantha nkuzimitsa injini. Woyesayo sadakalipe ayi, adangolemba pa pepala lake nati tibwerere. Ndidakwiya sabata yathunthu, koma kufikira lero sindinyamuka pachitunda osakumbukira tsikulo. Kupatula izi, woyesa amayang'ana tinthu timene inu mumati n'tating'ono: ngati mwamanga lamba, ngati mwayang'ana pagalasi musanakhote, ngati mwayatsa indiketa nthawi ikadalipo, ngati mwaimadi mawilo nkuleka kuzungulira pa chikwangwani cha STOP, ndiponso ngati mwapatsa mpata munthu woyenda pansi pamalo ake oolokera. Iye maso ake sakhala pamsewu pokha, amakhalanso pa mutu wanu, kuona kumene mukuyang'ana.

Kwa a njinga yamoto, chinthu choyamba ndi chisoti cholimba, chomangidwa bwino pachibwano. Chisoti chopachikidwa pa chiwongolero kapena chongokhazikidwa pamutu chingwe chili lende sichiteteza munthu, pakuti chimauluka mutu usanafike pansi. Chachiwiri ndi kuyenda pang'onopang'ono. Anyamata ambiri amadabwa kumva kuti kuthamanga sindiko kumaonetsa luso. Njinga yothamanga imadziongola yokha, koma kuikhotetsa pamalo opanikiza, pa giya yoyamba, phazi osagunda pansi, kumafuna dzanja lodziwa kilatchi ndi mafuta. Chachitatu ndi kuima. Ambiri kumudzi adazolowera buleki ya kumbuyo yokha, poopa kuti ya kutsogolo idzawagwetsa pamchenga. Pa tala, buleki ya kutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu yambiri yoimitsa njinga, ndipo ziwirizo ziyenera kugwira pamodzi. Phunzirani zimenezi pamalo opanda anthu mbuzi isanakudutsireni kutsogolo pa msika wa nthochi wa pa Nyimba.

Pali chiyeso china chimene sindingachisiye. Munthu akawerengera ndalama ya basi, ya pogona, ya dokotala ndi ya mayeso, mutu umamuzungulira, ndipo pomwepo pamatulukira wina womunong'oneza kuti, "Bwana, musavutike, ndipatseni zakutizakuti, khadi lanu lidzakupezani kunyumba." Ena mwa anthu otere amangothawa ndi ndalamazo. Ena amabweretsadi khadi looneka bwino, koma tsiku limene wapolisi adzafufuze nambala yake mu kompyuta, mudzapezeka ndi mlandu waukulu kuposa wa kuyendetsa wopanda layisensi. Ndalama iliyonse ya boma ili ndi lisiti lake, ndipo mitengo yake muifunse ku ofesi, pakuti imasintha. Ganizaninso za inshuwalansi. Lamulo limafuna kuti galimoto ndi njinga yamoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Koma ngozi ikachitika woyendetsa alibe layisensi yoyenera, kampani ingathe kukana kulipira, ndipo mlandu wonse umagwera iye ndi abale ake. Ng'ombe zimene bambo adaweta zaka khumi zimatha pa sabata imodzi, kulipirira mwendo wa mwana wa eni ake.

Inu eni njinga amene mumapatsa anyamata kuti azikugwirirani ntchito, nkhaniyi ndi yanunso. Ngati mungathe kugula njinga, mungathenso kuthandiza mnyamatayo ndalama ya mayeso, nkumadula pang'onopang'ono pa malipiro ake. Ndipo anyamata a pa siteshoni imodzi angathe kusonkherana monga amachitira amayi pa chilimba, mwezi uno apite awiri, mwezi wamawa awiri ena.

Tsiku la mayeso likafika, galimoto kapena njinga imene mukayesedwere ikhale ndi makalata ake onse, mabuleki ogwira, nyali ndi maindiketa oyaka, hutala yolira, magalasi onse awiri, ndi mafuta okwanira. Tengani reji, layisensi yophunzirira ndi malisiti anu, ndipo fikani m'mamawa. Mukalephera, funsani woyesayo mwaulemu kuti akuuzeni pamene mwalakwa, mulembe, ndipo musanakwere basi yobwerera kwanu funsani tsiku limene mungadzayesedwenso, layisensi yanu yophunzirira isanathe.