NYUMBA YA LENDI: NKHOKWE YA MLIMI PA UKALAMBA

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi ndi mlangizi wa zaulimi wa ku Malingunde, m'boma la Lilongwe.

Lero sindilankhula za mizere kapena za manyowa ayi. Ndifuna tikambirane za ndalama zimene mumapeza mukagulitsa fodya, mtedza ndi soya, ndi za tsiku limene msana wanu udzakana khasu.

Munthu wolembedwa ntchito ali ndi penshoni. Chiyambire 2011 lamulo likuti wolemba ntchito aziikapo 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro, ndipo wantchito aziikapo 5 kwacha, kuti ndalamazo zidzamthandize akadzapuma. Mlimi alibe womuikira ndalama zotero. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, Boma linakonzera mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mlimi wakhama sayenera kuikapo mtima. Ana nawo ali ndi mabanja awo, ndipo ambiri akuvutika m'tauni. Chotero mlimi ayenera kudzikonzera yekha pamene mphamvu zikadalipo.

Ena amasunga ndalama m'nyumba kapena ku banki. Kusunga nkwabwino, koma kumbukirani kuti ndalama ya kwacha inatsika mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndipo inatsikanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Munthu amene anasunga ndalama ya matumba khumi a simenti anadzapeza kuti ndalama yomweyo sikugulanso matumba khumi. Nyumba ya njerwa ndi malata sisungunuka chotero. Mitengo ya zinthu ikakwera, lendi nayo imakwera pambuyo pake. Ndicho chifukwa chake alimi ena amanga nyumba pa misika, naikamo mabanja amene amalipira mwezi ndi mwezi. Maganizo amenewa ndi abwino, koma ali ndi misampha yake. Ndifotokoza zinthu zisanu ndi chimodzi zoti muzilingalire musanaumbe njerwa ngakhale imodzi.

Choyamba, funsani kuti adzalowa m'nyumbamo ndani. Nyumba ya lendi imafuna munthu wolandira ndalama mwezi uliwonse. Pakati pa mudzi, pamene aliyense ali ndi nyumba yake, simudzapeza wolipira. Olipira ali pafupi ndi sukulu, chipatala, polisi ndi msika. Ku Mitundu kuli chipatala, sukulu ya sekondale ndi msika waukulu, ndipo pafupi pomwepo pali Bunda, imene mu 2012 inasanduka gawo la yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Ku Nathenje kumadutsa msewu waukulu wa M1 wopita ku Dedza. Kuno ku Malingunde tili ndi mishoni ya Sinodi ya Nkhoma, sukulu, chipatala, ndi madamu awiri a Kamuzu amene anamangidwa pa mtsinje wa Lilongwe mu 1966 ndi mu 1989. Aphunzitsi, anamwino, alangizi ndi apolisi amene amatumizidwa kumalo amenewa si onse amene amapeza nyumba ya Boma. Amenewa ndiwo anthu anu.

Dziwaninso kuti mzinda wa Lilongwe ukukula. Likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, ndipo pa kalembera wa mu 2018 anthu a mumzindamo anatsala pang'ono kukwana 1,000,000. Lendi ya m'tauni ikakwera, anthu amafuna nyumba m'mbali mwa misewu yotuluka mumzinda. Koma musamange chifukwa cha mphekesera. Mwamva kuti kampani ya Sovereign Metals inafufuza kuno ku Malingunde mwala wakuda wa graphite, umene amapangira mapensulo ndi mabatire. Kufufuza mwala ndi kukumba mgodi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Werengerani anthu amene mukuwaona ndi maso akulandira malipiro lero. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pa nkhani ya ana a sukulu a ku Bunda ndinenepo mawu amodzi. Iwo amalipira bwino sukulu ikakhala yotsegula, koma pa tchuthi zipinda zimakhala zopanda anthu. Banja la mphunzitsi kapena la namwino limakhala chaka chathunthu, kawirikawiri zaka zingapo, ndipo limasesa pabwalo ndi kusamala zitseko monga pakhomo pawo. Kwa munthu wokalamba amene safuna phokoso ndi milandu, nyumba imodzi ya banja limodzi ndiyo yosavuta kuyang'anira.

Chachiwiri ndi malo. Apa ndipempha mafumu kuti mutchere khutu, pakuti milandu yambiri ya nyumba imene imafika pabwalo panu gwero lake ndi malo. Kwathu kuno ambiri timakwatira chikamwini. Mwamuna amene amanga nyumba ya malata pa malo a kuchikazi adziwe kuti ukwati ukatha, kapena mkazi akamwalira, nyumbayo sangaisenze kupita nayo kwawo. Chimodzimodzi mkazi wa chitengwa amene wathira ndalama zake za mtedza pa malo a kuchimuna. Choncho banja likhale pansi pamodzi ndi ankhoswe ndi eni mbumba, ligwirizane poyera kuti nyumbayo ndi ya yani, ndipo zimenezo zilembedwe.

M'madera ena a kumadzulo kwa Lilongwe malo analembetsedwa kale m'dzina la banja lonse, pa dongosolo lija la ndunda limene linatsata malamulo a malo a mu 1967. Malo otero munthu mmodzi sangawagulitse yekha abale ake osadziwa. Ngati mugula puloti pa msika, funsani kwa anyakwawa, kwa agulupu ndi kwa oyandikana nawo malire. Musapereke ndalama usiku, kapena kwa munthu amene akuti abale ake adzamva pambuyo. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, amene wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Kumene komiti yotero ilipo, pitani kumeneko. Kumene kulibe, pitani ku ofesi ya malo kwa a DC, kuti akuuzeni njira yolembetsera. Inu mafumu, musagawe puloti imodzi kwa anthu awiri, ndipo musalole kumanga pamsewu, padambo kapena m'mphepete mwa mtsinje.

Chachitatu ndi masamu. Tengani pensulo ndi kope. Ziwerengero zimene nditchule ndi zongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya kwanu. Tinene kuti malo ndi nyumba zadya K12,000,000, ndipo lendi ya nyumba zotero pamalopo ndi K100,000 pa mwezi. Musawerenge miyezi 12 ayi. Chotsani mwezi umodzi umene nyumba idzakhale yopanda munthu kapena wolowamo adzalephere kulipira. Chotsaninso mwezi wina wa ndalama zokonzera loko, galasi, laimu ndi chimbudzi. Yatsala miyezi 10, ndiyo K1,000,000 pa chaka. Kuti ndalama zanu zibwerere padzapita zaka 12. Munthu wa zaka 40 akamanga lero, pofika zaka 52 nyumba yabweza zake, ndipo kuyambira pamenepo ikumdyetsa. Munthu wa zaka 65 aganize kawiri asanagulitse ng'ombe zake zonse.

Masamu omwewa akutiphunzitsa kanthu kena. Nyumba ija ikubala pafupifupi 8 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pa chaka. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 pa 100, ndipo mabanki obwereketsa anthu amaonjezerapo zawo. Munthu akakongola K12,000,000 pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100, afunika kupeza K3,600,000 pa chaka ya chiwongoladzanja chokha, pamene nyumba ikumpatsa K1,000,000. Kodi yotsalayo idzachokera kuti? Idzachokera m'nkhokwe, m'khola, ndipo potsiriza nyumba yomweyo idzalandidwa. Za katapila sindinenanso. Nyumba ya lendi imangidwe ndi phindu la m'munda. Ngongole yaing'ono ya ku banki mkhonde yomalizira zitseko ndi mazenera ingathe kuthandiza, ngati mudziwa kumene mudzapeze yobweza.

Chachinayi, musaphe munda chifukwa cha nyumba. Ndalama za fodya zikabwera kuchokera ku Kanengo, yambani mwapatula za mbewu, za feteleza, za fizi ya ana, ndipo muone kuti chimanga cha m'nkhokwe chifika mpaka kukolola. Zotsalazo ndizo za nyumba. Tikuona alimi ena akugulitsa munda kuti amange, kenaka chaka chotsatira akugula ufa wa pamsika ndi ndalama ya lendi, imene sikwanira. Munda ndiwo mayi wa nyumbayo. Mangani pang'onopang'ono: chaka chino maziko ndi njerwa, chaka chamawa zipupa ndi denga, chaka chinacho pulasitala, zitseko ndi simenti ya pansi. Koma zipupa zisagone dzinja lonse popanda denga, pakuti mvula idzaziwononga. Malata ndi misomali mungagule msanga ndi kusunga. Simenti musasunge nthawi yaitali, chifukwa ikamva chinyezi imauma m'thumba momwemo. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Chachisanu ndi kamangidwe. Nyumba ikhale ya zipinda zogona ziwiri kapena zitatu ndi pabalaza, khitchini, bafa ndi chimbudzi chakechake, ndiponso dzenje la zinyalala. Musamange chinyumba chachikulu chimene mphunzitsi sangathe kulipira. Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, ndipo khonde likwezedwe kuti madzi a mvula asanyambite zipupa. Mitengo ya denga ipakidwe mankhwala a chiswe ndipo imangiriridwe ku chipupa ndi waya, kuti mphepo ya mkuntho isasasule denga. Chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime, ndipo chikhale chakumunsi kwake. Nyumba imene ili pafupi ndi mjigo, kapena imene ili ndi magetsi a ESCOM kapena a sola, sichedwa kupeza munthu. Mmisiri mumlipire ntchito ikatha gawo ndi gawo, osati zonse poyamba.

Kunena za njerwa, tonse tikuona m'mene nkhalango ya Dzalanyama yathera chifukwa cha makala ndi nkhuni. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango imeneyo, ndipo madimba athu amadalira madzi omwewo. Mu 2018 Boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za Boma ndi zomanga zikuluzikulu za malonda. Ngakhale nyumba yanu ndi yaing'ono, lingalirani za mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zimene amazipana pa makina osaotcha. Ngati muotcha uvuni, nkhuni zichokere pa mitengo imene munabzala nokha, ndipo mubzale ina m'malo mwake.

Chachisanu ndi chimodzi ndi pangano. Munthu asanalowe m'nyumba, lembani pa pepala ndalama ya pa mwezi, tsiku lolipira, amene adzalipire madzi ndi magetsi, amene adzakonze chikaonongeka chinthu, ndi nthawi yodziwitsana ngati wina afuna kutuluka kapena kukweza lendi. Nonse awiri musaine pamaso pa mboni, ndipo aliyense asunge pepala lake. Polandira ndalama lembani lisiti, kapena sungani uthenga wa pa foni. Munthu akalephera kulipira musazule chitseko kapena kutaya katundu wake panja, pakuti mlandu udzatembenukira inu. Pitani naye kwa amfumu, ndipo zikakanika, ku khoti. Mbale wanu akapempha nyumbayo, muuzeni poyera tsiku loyamba ngati mwampatsa ulele kapena ngati adzalipira. Chibale chambiri chatha chifukwa chochita manyazi pa tsiku loyamba. Dziwaninso kuti ndalama ya lendi ili ndi msonkho wake. A MRA adzakuuzani ngati yanu yafika poyenera kukhoma.

Mawu otsiriza ndi a imfa, ngakhale sitikonda kuitchula. Nyumba imene munamangira ukalamba wanu iyenera kudzasamalanso mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana mukadzapita. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Komabe lembani wilo mukadali moyo ndi nzeru zanu, pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu, ndipo muuze banja kumene mwaisunga. Inu mafumu, pa maliro mawu anu ndi amene amamveka. Tetezani amasiye, ndipo musalole kuti makiyi a nyumba achoke m'manja mwawo pa tsiku la kumeta.

Amene muli ndi mafunso bwerani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, mutatenga kope lanu la zokolola ndi la ndalama, kuti tidzawerengere pamodzi. Mafumu, chonde kafotokozereni anthu anu amene sanamve nkhaniyi.