Anamwino Amene Aphunzitsidwa Kupima Odwala Kumene Kulibe Dotolo

Nkhani ya mwezi uno ndi ya anamwino, ndipo icokera ku Amereka. Anthu ambiri aganiza kuti dziko lolemera cotero silingasowe madotolo. Koma madotolo a kumeneko, monganso a kwina kuli konse, akonda kukhala m'mizinda ikuluikulu, ndipo anthu a kumapiri ndi a kumidzi yakutali akhala akubvutika.

M'caka ca 1925 mai wina dzina lace Mary Breckinridge anayamba nchito m'mapiri a ku Kentucky. Maiyu anali ataferedwa ana ace awiri, wina atangobadwa, wina ali ndi zaka 4. Anapita ku London kukaphunzira uzamba, nakafikanso ku Scotland kukaona m'mene anamwino anali kuthandizira anthu a pa zisumbu. Atabwerera kwao anakhazikitsa gulu limene pambuyo pace linachedwa Frontier Nursing Service. Kumapiriko kunalibe miseu yoyenda galimoto, cotero anamwino anali kuyenda pa akavalo, mankhwala ndi zipangizo zili m'matumba a pa cishalo. Anali kuoloka mitsinje usiku kukabeleketsa amai, kutemera ana katemera, ndi kuphunzitsa anthu kukumba zimbudzi. Banja linali kulipira dola 1 pa caka, ndi madola 5 pa ubeleki, ndipo wosowa ndalama anali kupereka nkhuku, mazira kapena cimanga. Dotolo analipo ku cipatala ca ku Hyden, koma namwino ali yekha kuphiri sakanatha kumuitana nthawi zonse. Cifukwa ca ici anamwino anapatsidwa malangizo olembedwa ndi madotolo, onena zimene acite pa nthenda iyi ndi iyo, ndi nthawi yoti wodwala anyamulidwe kupita ku cipatala.

Anamwino ambiri oyambawo anali ocokera ku Mangalande. Nkhondo itayamba mu 1939 ambiri anabwerera kwao, ndipo guluko linatsegula sukulu yaceyace ya azamba m'caka comweco.

Maphunziro enieni a mtundu watsopano wa namwino anayamba mu 1965 pa University ya Colorado. Anawayambitsa ndi anthu awiri: Loretta Ford, namwino amene anagwira nchito zaka zambiri m'midzi ya ku Boulder County, ndi Dr. Henry Silver, dotolo wa ana. Mai Ford anali ataona kuti ana ambiri amene anali kubwera ku sikelo anali ndi matenda odziwika bwino, monga cifuwa, mphenga m'khutu ndi kutsegula m'mimba, koma namwino sanali kuloledwa kunena dzina la nthenda kapena kusankha mankhwala. Cotero anatenga anamwino odziwa kale nchito nawaphunzitsa kufunsa mbiri ya nthenda, kumvera m'cifuwa ndi cipangizo ca dotolo cija, kuyang'ana m'khutu ndi pakhosi, ndi kuzindikira mwana amene afunika dotolo msanga. Cinthu cotsirizaci ndico cacikulu koposa zonse. Namwino wodziwa malire a nzeru zace apulumutsa ambiri. Wodzikuza ndiye woopsya. Atatha miyezi yowerengeka m'kalasi anatumizidwa kukagwira nchito kumidzi ndi m'madera a amphawi, aphunzitsi ao akuwayang'anira. M'Cingerezi namwino wotere amuchula kuti nurse practitioner.

Si onse anakondwera. Madotolo ena anaopa kuti odwala adzalandira cithandizo copereweza. Codabwitsa n'cakuti akuluakulu ena a sukulu za anamwino anatsutsanso kwambiri, nati anamwino ali kusiya nchito yao kuti akhale timadotolo tating'ono. Malamulo naonso anacedwa kusintha. Boma la Idaho ndilo linayamba, mu 1971, kulola anamwino otere kupima ndi kuciritsa. Funso la ubwino wa nchito yao linayesedwa ku New York, kumene odwala 1,316 anagawidwa mwa maere, ena kwa madotolo, ena kwa anamwino. Zotsatira zinafalitsidwa mu 2000, ndipo zinasonyeza kuti umoyo wa magulu awiriwo sunasiyane. Mai Ford anaona zonsezi ndi maso ao, pakuti anamwalira mu 2025 ali ndi zaka 104.

Ku Afrika kuno dziko la Botswana linayamba maphunziro ofanana nawo mu 1981. Ku Malawi, amene ali pafupi ndi cipatala cacing'ono adziwa kale kuti wodwala akafika apeza namwino kapena medikolo asisitanti, osati dotolo. Cotero funso si lakuti anamwino azipima odwala kapena iai, pakuti apima kale, koma lakuti aphunzitsidwe mokwanira pa nchito imene ali kuigwira.

Bvuto limodzi latsala. Munthu akapita ku mzinda kukaphunzira zaka ziwiri, kawirikawiri apeza nchito komweko osabwereranso. Sukulu ya Frontier ija, imene inayamba kuphunzitsa anamwino a banja lonse mu 1970, inayesa njira ina mu 1989: wophunzira akhala kwao, nawerenga maphunziro otumizidwa, naphunzira nchito ya manja m'cipatala ca pafupi, ndipo ku sukulu apitako masiku owerengeka okha. Tsono maphunziro akatha, iye ali kale pakati pa anthu amene adzawatumikira. Lero maphunzirowo ayenda pa intaneti, ndipo sukuluyo ichedwa Frontier Nursing University.