MBUZI ZA KU TETE NDI MASAU A KU KATONDWE

Munthu wa ku migodi akalowa mu msika pa tsiku la malipiro, safunsa mpunga cabe. Afunsa mpunga wa ku Chama kapena wa ku Mongu, ndipo alipira ndarama zambiri cifukwa ca dzinalo. Koma ndani angamtsimikizire kuti za m'thumbamo zinacokeradi kumeneko? Wamalonda wosakhulupirika akhoza kusakaniza mpunga wacabe, naupatsa dzina labwino. Wogula anyengedwa, ndiponso mlimi amene anakometsa dzinalo ndi thukuta lace sapindula kanthu.

Cifukwa ca ici maiko ambiri anaika lamulo lakucinjiriza maina a malo. Dzina likalembedwa m'buku la Boma, palibe wina aloledwa kugulitsa nalo, koma okhawo alima kumaloko, natsata makhalidwe amene anapangana. Vinyo wa Champagne ku France ali wotere. Ku Cameroon tsabola wa ku Penja analembedwa m'caka ca 2013 ndipo mtengo wace unakwera kwambiri, kotero kuti alimi ena ambiri anayamba kumlima.

Koma citsanzo cimene ciri pafupi ndico ca mbuzi. M'caka ca 2018 Boma la Mozambique linalemba dzina lakuti Cabrito de Tete, ndiko kuti mbuzi ya ku Tete, ndipo ili linali dzina loyamba la mtundu umenewu m'dzikomo. Nyama yace ikoma koposa, ndipo eni ace anena kuti cikometsa ndico cakudya: dzikolo ndi lotentha ndi louma, tsono m'cilimwe mbuzi zidya masau ndi malambe ogwa pansi.

Tsono pa Katondwe, m'boma la Luangwa limene kale linali Feira, munthu akafika pa gombe napenya kutsidya kwa mtsinje, apenya dziko la Tete lomwelo. Mtsinjewu sunalekanitse anthu ndi kale lomwe. Ngakhale Ansembe amene anamanga misyoni ya Katondwe anacita kuoloka kucokera ku Miruru. Dzuwa ndi lomwelo, mitengo ya masau ndi milambe ndi yomweyo, ndipo mbuzi za Ansenga ndi Acikunda a kwa Mfumu Mphuka ndi Mfumu Mburuma zidya zomwezo. Koma mbuzi ya tsidya lija iri ndi dzina, pamene ya tsidya lino ikwera galimoto nifika ku Lusaka monga mbuzi wamba.

Ici ndi cinthu cacisoni, pakuti m'cigwa muno cimanga sicidalirika. Mvula ibvuta zaka zambiri, ndipo cimene cacilala casiya njobvu zidzamariza. Masau okha sakana kubala. Akazi ndi ana awatola m'nyengo ya cisanu, nawayanika, nawagulitsa kwa amalonda pa mtengo waung'ono. Ku msika wa Soweto mu Lusaka ndiko apeza mtengo wace weniweni, m'manja mwa ena.

Njira iripo tsopano, popeza m'caka ca 2023 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inabvomereza lamulo latsopano la zizindikiro za malonda, limene liri ndi malo a maina otere. Komabe kalata wa Boma sanenepetsa mbuzi. Alimi a ku Tete anayamba adzimanga m'bungwe limodzi, nagwirizana za kaŵetedwe ndi kaphedwe. Zotere zifuna ndarama, zifuna malo oyera ophera, ndiponso munthu woyendera amene saopa kukana mbuzi yoonda ya mlamu wace. Pamenepa ndipo pobvuta. Ndipo ngati bungwelo ligwidwa ndi amalonda olemera a m'tauni, mtengo udzakwera ndithu ku Lusaka ndi ku Kitwe, koma mkazi wotola masau pa Katondwe adzalandirabe zomwe alandira lero.