Botolo Losewera Nalo Mwana: Mau Olankhulidwa pa Chikondwerero cha Amayi ku Thambani



Lero tifuna kukambirana za botolo lapulasitiki, lomwe lija timalitaya kudzala. Ambirife timayesa kuti khanda likayamwa ndi kukhuta ndiye kuti ntchito yatha. Iyayi, amayi. Mwana amayamba kuphunzira asanalankhule, ndipo amaphunzira ndi maso, makutu ndi manja. M'chaka cha 2012 mabungwe a WHO ndi UNICEF anatulutsa malangizo a kaleredwe ka ana, ndipo m'menemo amalimbikitsa zoseweretsa zopangira pakhomo, zosalira ndalama.

Kapangidwe kake nkosavuta. Tsukani mabotolo oonekera mkati ndi sopo, aume bwino. M'botolo loyamba thirani chimanga kapena nandolo wouma pang'ono. M'lachiwiri thirani mpunga kapena mchenga. Mwana akamagwedeza amamva kuti lina likulira kwambiri, lina pang'onopang'ono, ngati maseche. M'lachitatu thirani madzi, mafuta ophikira pang'ono ndi tinsanza tofiira ta chitenje. Mafuta sasakanikirana ndi madzi, tsono mwana amatsata ndi maso m'mene akukwerera pamwamba.

Koma pano tcherani khutu, pakuti chidole chingathe kutibweretsera maliro. Choyamba, botolo lagalasi kapena limene munali palafini, petulo kapena mankhwala a mbewu musalitenge, ngakhale mutalitsuka. Chachiwiri, musaikemo chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe kapena njere za nsatsi, chifukwa nsatsi ndi poizoni. Chachitatu, mangani chitsekero kolimba, muchimate ndi guluu, ndipo muzichiyang'ana tsiku ndi tsiku. Njere imodzi ya nandolo ingamtsamwitse mwana. Komanso mwana wozolowera botolo amayesa kuti lililonse ndi lake. Chotero palafini azikhala pamwamba, posafika iye.

Potsiriza, botolo palokha silimphunzitsa mwana. Tidziwa kuti nyengo ya manachesi ikafika timatanganidwa ndi misika ya ku Mwanza, koma tipeze kanthawi kokhala naye pamphasa. Tigwedeze, timuyembekeze ayankhe, timuuze kuti, "Ichi ndi chimanga." Abambo ndi agogo nawonso achite chimodzimodzi. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.